Galimoto yopanda dalaivala ndi anthu amene ali kunja kwake

Usiku wa pa 18 March 2018, mumzinda wa Tempe m'chigawo cha Arizona ku United States, mayi wina wa zaka 49 ankawoloka msewu wa Mill Avenue akukankha njinga imene anakolekapo matumba a katundu. Galimoto ya kampani ya Uber, ya mtundu wa Volvo XC90, imene inkayendetsedwa ndi kompyuta poyeserera, inamuomba ikuthamanga makilomita pafupifupi 63 pa ola, ndipo mayiyo anakamwalirira kuchipatala. Aka kanali koyamba kuti munthu woyenda pansi aphedwe ndi galimoto yodziyendetsa yokha. Anthu ambiri ataona vidiyo imene apolisi anatulutsa, yosonyeza munthu akutulukira mwadzidzidzi mumdima, anaganiza kuti makinawo sanamuone n'komwe ndiponso kuti ngakhale dalaivala waluso sakanachitira mwina. Koma bungwe la boma lofufuza ngozi la NTSB litamaliza kafukufuku wake mu November 2019, linapeza kuti zida za galimotoyo zinamuona mayiyo kutatsala masekondi 5.6 kuti ngozi ichitike, iye ali patali mamita pafupifupi 100, mtunda wokwanira kuimitsa galimoto popanda n'kukhwekhwereza matayala komwe. Kuona kokha inamuona ndithu. Chimene inalephera ndicho kuzindikira kuti ikuona chiyani ndiponso kuti chinthucho chikulowera kuti.

Nkhani ya magalimoto odziyendetsa okha kawirikawiri imakambidwa poganizira munthu amene wakhala mkati, kuti azitha kugona kapena kuwerenga pa ulendo osavutikanso ndi chiwongolero. Komatu wokwerayo amachita kusankha kukwera, ndipo amakhala atazunguliridwa ndi zitsulo, atamanga lamba, matumba a mpweya ali chire kumuteteza. Woyenda pansi ndi wopalasa njinga safunsidwa, sasainira pepala lililonse lovomera kuti makina ayeseredwe pafupi nawo, ndipo chilichonse chikalakwika chimathera pa thupi lawo lenileni. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, opalasa njinga ndi okwera njinga zamoto. Ngati makina amenewa akubweradi kudzapulumutsa miyoyo, monga mmene opanga ake amalonjezera, ndiye kuti tiyenera kuwayeza poona mmene amachitira ndi anthu amene ali kunja kwake.

Pali zinthu ziwiri zimene otsatsa malonda amakonda kuzisakaniza, galimoto yongothandiza dalaivala ndi galimoto yodziyendetsa yokha, ndipo ndi bwino kuzilekanitsa tisanapite patali. Bungwe la akatswiri la SAE International linagawa luso la magalimoto m'magawo asanu ndi limodzi, kuyambira 0 mpaka 5. Pa gawo 2 galimoto imatha kukhota ndiponso kuwonjezera kapena kuchepetsa liwiro yokha, koma munthu amakhala adakali woyendetsa ndipo saloledwa kuchotsa maso pamsewu. Mapulogalamu a Autopilot ndi Full Self-Driving a m'magalimoto amene kampani ya Tesla imagulitsa kwa anthu ali m'gawo limeneli, ngakhale kuti mayina ake amalonjeza zoposa pamenepo. Pa gawo 4 m'pamene pachiwongolero sipakhala munthu, koma galimoto imayenda m'dera lokhalo limene inajambuliridwa mapu atsatanetsatane ndiponso m'nyengo zimene inakonzedwera. Umu ndi mmene imagwirira ntchito kampani ya Waymo, imene inayamba ngati ntchito ya Google mu 2009 n'kuyamba kunyamula anthu wamba popanda dalaivala mumzinda wa Phoenix ku Arizona mu October 2020, komanso Apollo Go ya kampani ya Baidu mumzinda wa Wuhan ku China. Galimoto ya gawo 5, yotha kupita kulikonse kumene munthu angayendetseko, sinapangidwebe.

Galimoto yopanda dalaivala imaona pogwiritsa ntchito zida za mitundu itatu, ndipo chilichonse chili ndi pamene chimafookera. Kamera imaona mitundu, imawerenga zikwangwani ndi maloboti a pamsewu, imathanso kuona dzanja la wopalasa njinga likatambasulidwa, koma mofanana ndi diso la munthu imavutika mumdima, m'chifunga, kapena dzuwa likamathobwa m'maso. Radar imatumiza mafunde a wailesi n'kumvetsera amene abwerera, motero imayeza bwino mtunda ndi liwiro ngakhale kukugwa mvula, koma chithunzi chake sichikhala chomveka, ndipo thupi la munthu silibweza mafunde mwamphamvu ngati chitsulo cha lole. Munthu woima pafupi ndi galimoto yoimikidwa akhoza kumira m'mafunde ochokera ku galimotoyo. Lidar imaponya kuwala kwa laser kambirimbiri pa sekondi iliyonse n'kuyeza nthawi imene kwatenga kuti kubwerere, ndipo zotsatira zake ndi timadontho tochuluka tosonyeza msinkhu, kukula ndi mtunda wa chinthu chilichonse. Popeza imabweretsa kuwala kwakekwake, usiku suivuta, koma mvula yamphamvu, fumbi ndi chipale chofewa zimaisokoneza, ndipo munthu akakhala patali amangogwerapo timadontho towerengeka. Waymo imaphatikiza zida zitatu zonsezi kuti china chikafooka chinzake chigwirize, pamene Tesla inasankha kudalira makamera okha ndipo inayamba kuchotsa radar m'magalimoto ake mu 2021.

Komabe ntchito yeniyeni imayamba zidazo zitaona kale. Pulogalamu ya kompyuta, imene inaphunzitsidwa ndi zithunzi mamiliyoni ambiri zimene anthu anazilemba maina, iyenera kunena kuti gulu ili la timadontho ndi munthu, ilo ndi njinga, ilo ndi pepala louluzika ndi mphepo. Ikatero iyenera kuchitsatira chinthucho kuchokera pa chithunzi china kufika pa chinzake, kuti idziwe kuti chimene yaona tsopano ndi chomwe chija inaona kanthawi kapitako, ndipo kuchokera pamenepo iwerengere liwiro lake ndi kumene chalunjika. Kenako iyenera kulosera kumene chinthucho chikhale pakapita masekondi atatu kapena asanu, ndipo pomaliza isankhe chochita: kupitirira, kuchepetsa liwiro, kupatuka kapena kuponda mabuleki. Zonsezi zimabwerezedwa kangapo pa sekondi imodzi, ndipo gawo lililonse limadalira linzake ngati mphete za tcheni.

Ku Tempe tcheni chimenechi chinadukira pakati. Munthu wokankha njinga yodzaza matumba sankafanana bwinobwino ndi chilichonse chimene pulogalamuyo inkachidziwa, choncho inkangosinthasintha maganizo: apa yati ndi galimoto, apa yati ndi chinthu chosadziwika, apa yati ndi njinga. Choopsa kwambiri chinali chakuti nthawi iliyonse ikasintha dzina la chinthucho inkataya mbiri yonse ya mmene chinkayendera, n'kuyambanso kuchiona ngati chatsopano, motero sinathe kuzindikira kuti chikudutsa msewu mopingasa. Ofufuza anapezanso kuti amene anakonza pulogalamuyo sanaganizireko zoti munthu angawoloke pamalo opanda mizere yowolokera, ngakhale kuti aliyense amene anayendapo mumzinda amadziwa kuti anthu amatero tsiku ndi tsiku. Kutatsala masekondi 1.2 m'pamene makinawo anazindikira kuti ngozi yayandikira, koma anali atalamulidwa kuti zikatere azidikira kaye kwa sekondi imodzi osaponda mabuleki, poopa kuti galimoto izingoima mwadzidzidzi pa zinthu zopanda pake. Mabuleki odziponda okha amene Volvo inaika m'galimotoyo anali atazimitsidwa. Zonse zinasiyidwa m'manja mwa munthu mmodzi amene anakhala pachiwongolero ngati mlonda, ndipo iye anali akuyang'ana foni. M'mbuyomo m'galimoto iliyonse munkakhala anthu awiri, koma kampaniyo inali itachotsapo mmodzi.

Aliyense wowerenga mndandanda wa zolakwikazo mosamala amaona kuti zambiri sizinali kulephera kwa sayansi ayi. Zinali zosankha za anthu amene anakhala pansi n'kugwirizana kuti kuyenda mosadukizadukiza n'kofunika kwambiri kuposa kuima pa chinthu chokayikitsa. Vuto limene ankalimbana nalo ndi lenileni, chifukwa galimoto yoponda mabuleki pa mthunzi uliwonse imaombedwa kumbuyo ndipo palibe amene angafune kuikwera. Koma pamene pali malire pakati pa kuima kopanda chifukwa ndi kusaima pamene pali munthu, wina amayenera kusankha mbali imene alakwire, ndipo mtengo wa kulakwa kwa mbali yachiwiriyo amalipira ndi munthu amene sanali m'chipinda chimene zinakambidwira. Za mlondayo, akatswiri oona za ndege ndi mafakitale anadziwa kalekale kuti munthu satha kuyang'anira kwa maola ambiri makina amene salakwalakwa. Maganizo amayamba kuyendayenda, ndipo pamene makinawo akumufuna mwadzidzidzi amakhala ali kutali. Chofooka chomwechi ndi chimene chimavutitsa magalimoto a gawo 2 amene ali kale m'manja mwa anthu ambirimbiri.

Wopalasa njinga ndi wovuta kwa kompyuta m'njira yakeyake. Ukamuonera kumbuyo ndi kamzere kopyapyala, ukamuonera m'mbali ndi mikombero iwiri ndi munthu pamwamba, ndipo akanyamula katundu kapena mwana maonekedwe ake amasinthiratu. Liwiro lake lili pakati pa la woyenda pansi ndi la galimoto, ndipo m'kanthawi kochepa akhoza kuchoka m'kanjira ka njinga n'kulowa pakati pa magalimoto, kapena kutsika n'kusanduka woyenda pansi. Amapatuka mwadzidzidzi pozemba dzenje, magalasi osweka kapena chitseko chimene wina watsegula, zinthu zimene dalaivala wozolowera amaziona pasadakhale n'kudziwa kuti munthuyu asuntha. Mu 2015 mumzinda wa Austin ku United States, wopalasa njinga wina anafotokoza mmene anakumanirana ndi galimoto ya Google pamphambano: iye anaima osatsitsa phazi pansi, akugwedeza njinga pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo kuti asagwe, ndipo galimotoyo inkati ikanyamuka n'kuimanso, ikanyamuka n'kuimanso, poganiza kuti munthuyo akufuna kudutsa. Nkhaniyi inaseketsa anthu, ndipo kunena zoona galimotoyo inalakwira mbali yabwino. Zosaseketsa zinachitika mu December 2016 ku San Francisco, pamene bungwe la opalasa njinga la mumzindawo linachenjeza kuti magalimoto oyeserera a Uber ankakhotera kumanja modula kanjira ka njinga m'malo moyamba alowamo mosamala monga mmene lamulo la California limanenera, ndipo kampaniyo inavomera kuti vutolo linalipodi. Kukhota kotereku ndi imodzi mwa njira zodziwika kwambiri zimene opalasa njinga amavulalira m'mizinda.

Palinso vuto limene ngakhale zida zabwino chotani sizingalithetse, lomwe ndi la chinthu chobisika kuseri kwa chinzake. Mu February 2024, ku San Francisco komweko, galimoto ya Waymo inadikira pamphambano kuti lole idutse, kenako inanyamuka, osadziwa kuti kumbuyo kwa loleyo kunali wopalasa njinga amene anakhotera kutsogolo kwake. Inaponda mabuleki mwamphamvu koma inamugundabe, ndipo mwamwayi anangovulala pang'ono. Lidar siona kuseri kwa lole, monganso diso la munthu silionako. Chimene chingathandize ndi kukayikira, kutanthauza kuti makina aziyenda ngati kuti kuseri kwa basi iliyonse yoima kuli mwana amene akufuna kuthamanga, ndipo kukayikira kotero kumadya nthawi ya ulendo. Tionjezepo kuti si ngozi zonse zimene zimachitika galimoto ikuyenda: takisi yopanda dalaivala ikaima m'kanjira ka njinga kuti itsitse munthu, imakankhira wopalasa pakati pa magalimoto, ndipo wokwera akatsegula chitseko osayang'ana, palibe dalaivala womukuwira kuti adikire. N'chifukwa chake Waymo inaika chenjezo lolira pamene njinga ikuyandikira chitseko.

Ndiyeno pali kulankhulana kopanda mawu kumene anthu amachita pamsewu. Woyenda pansi amayang'ana dalaivala kumaso, dalaivala amagwedeza mutu kapena kukupiza dzanja, ndipo awiriwo amamvana. Pachiwongolero pakakhala popanda munthu, woyang'ana nayo maso palibe. Opanga magalimoto ayesa njira zosiyanasiyana zotsekera mpata umenewu: mu 2018 Jaguar Land Rover inayesa kuika maso akuluakulu ochita kupanga kutsogolo kwa kagalimoto koyeserera kuti aziyang'ana munthu wofuna kuwoloka, ndipo ena anayesa zikwangwani zowala zouza munthu kuti adutse. Koma ofufuza a pa yunivesite ya Leeds ndi anzawo, atayang'anitsitsa mmene anthu amawolokera m'mizinda ya ku Ulaya ya Leeds, Munich ndi Athens, anapeza kuti zizindikiro za manja ndi maso sizigwiritsidwa ntchito kawirikawiri monga timaganizira, ndipo anthu amadalira kwambiri kayendedwe ka galimoto yeniyeniyo, ngati ikuchepetsa liwiro kapena ayi. Izi n'zomveka, ndipo zikusonyeza kuti chilankhulo chabwino kwambiri chimene makina angaphunzire ndi kuyamba kuchepetsa liwiro akadali patali, moonekera kwa aliyense. Chikwangwani chouza munthu kuti adutse chili ndi kuopsa kwake, chifukwa galimoto ingalonjeze za iyo yokha, osati za inzake imene ikubwera mumzere wachiwiri.

Ngozi ya pa 2 October 2023 ku San Francisco inaonetsa chofooka cha mtundu wina. Mayi wina woyenda pansi anaombedwa ndi galimoto yoyendetsedwa ndi munthu, amene anathawa, ndipo anagwera kutsogolo kwa takisi yopanda dalaivala ya kampani ya Cruise. Takisiyo inaponda mabuleki koma inamukwerabe, ndipo mpaka pamenepo n'zovuta kuiimba mlandu waukulu. Chimene chinatsatira ndicho chinadzidzimutsa anthu: pulogalamu inaganiza kuti yagundidwa m'mbali, choncho inatsatira lamulo lake lopatukira m'mphepete mwa msewu ikachita ngozi, n'kumukhwekhwereza mayiyo mamita pafupifupi 6 ali pansi pake. Dalaivala aliyense, ngakhale wosadziwa bwino ntchito, akanamva kukuwa kapena akanatsika kukasuzumira. Akuluakulu oona za magalimoto ku California anaimitsa chilolezo cha Cruise pa 24 October, ponena kuti kampaniyo sinawaonetse poyamba mbali ya vidiyo yosonyeza kukhwekhwerezako. Pambuyo pake bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu la NHTSA linailipiritsa madola 1.5 miliyoni chifukwa chosapereka malipoti okwanira, ndipo mu December 2024 kampani ya General Motors, mwini wake wa Cruise, inasiya kuika ndalama pa ntchito ya matakisiwo.

Kungoima pa ngozi zimenezi kungakhale kukondera, chifukwa umboni wa mbali inayo ulipo ndipo si wochepa. Makina saledzera, sagona, salemba uthenga pafoni, sapsa mtima ndi njinga imene yawachedwetsa, ndipo amaona mbali zonse nthawi imodzi. Mu 2025 ofufuza a Waymo anasindikiza zotsatira za maulendo opanda dalaivala okwana mamailosi 56.7 miliyoni, omwe ndi makilomita pafupifupi 91 miliyoni, ku Phoenix, San Francisco, Los Angeles ndi Austin. Poyerekeza ndi madalaivala a m'madera omwewo, anapeza kuti ngozi zovulaza oyenda pansi zinachepa ndi 92 pa 100 iliyonse, ndipo zovulaza opalasa njinga zinachepa ndi 82 pa 100 iliyonse. Ngakhale tikumbukire kuti olembawo ndi antchito a kampaniyo, kafukufukuyu anaunikidwa ndi akatswiri ena asanasindikizidwe, ndipo kusiyanako n'kwakukulu moti sikungangotayidwa. Ine ndimaona kuti amene amakana ziwerengerozi chifukwa chongodana ndi makampani a zamakono akulakwitsa mofanana ndi amene amazitenga ngati zathetsa nkhani yonse.

Sizinathetse nkhani pa zifukwa zingapo. Imfa za pamsewu, ngakhale zili zambiri, zimachitika patalipatali tikaziyeza ndi mtunda umene magalimoto onse amayenda. Ku United States ndi imfa imodzi pa makilomita pafupifupi 150 miliyoni. Mu 2016 ofufuza a bungwe la RAND, Nidhi Kalra ndi Susan Paddock, anawerengera kuti magalimoto odziyendetsa okha angafunike kuyenda mamailosi 275 miliyoni popanda kupha munthu kuti titsimikize mwa masamu kuti sapha anthu ambiri kuposa madalaivala. Ndiponso zotsatira za kampani imodzi sizinena chilichonse za kampani ina imene ili ndi zida zina ndi pulogalamu ina, ndipo mizinda inayi ija ndi yosagwa chipale chofewa kawirikawiri, ya misewu yolembedwa bwino, yojambulidwa mapu mpaka pa mwala uliwonse wa m'mphepete. WHO imati imfa 92 pa 100 zilizonse za pamsewu zimachitika m'mayiko osauka ndi apakatikati, kumene nthawi zambiri anthu, njinga, ngolo ndi ziweto zimagawana msewu umodzi wopanda mizere, ndipo makinawa sanaphunzire kwenikweni pa misewu yotereyi. Nakonso kunena kotchuka kwakuti ngozi 94 pa 100 zilizonse zimachitika chifukwa cha kulakwa kwa anthu, kumene kunachokera m'lipoti la NHTSA la 2015, kumagwiritsidwa ntchito molakwika, chifukwa lipotilo linkangotchula chochitika chomaliza ngozi isanachitike, osati zonse zimene zinaiyambitsa, monga kamangidwe ka msewu. Bungwe la IIHS, limene limathandizidwa ndi makampani a inshuwalansi, litapenda ngozi zoposa 5,000 mu 2020, linapeza kuti pafupifupi imodzi yokha mwa zitatu ndi imene ingapewedwe pongokhala ndi makina oona bwino ndi osaledzera. Zotsalazo zimafuna kuti makinawo asankhe kuyenda mosamala kuposa mmene anthu amakondera.

Usiku ndiwo mayeso aakulu. Ku United States oyenda pansi ofa pamsewu anachuluka kuchoka pa 4,109 mu 2009 kufika pa 7,522 mu 2022, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi alionse amafa kuli mdima. Mabuleki odziponda okha, amene tsopano ali m'magalimoto ambiri atsopano, anayenera kuthandiza pamenepa, koma mu 2022 IIHS inapeza kuti ngakhale anachepetsa ngozi za oyenda pansi ndi 27 pa 100 iliyonse tikaphatikiza nthawi zonse, m'misewu yamdima yopanda magetsi sanasinthe kanthu. Mu October 2024 NHTSA inayamba kufufuza Full Self-Driving ya Tesla pambuyo pa ngozi zinayi zimene zinachitika dzuwa likuthobwa, kuli chifunga kapena fumbi, ndipo pa imodzi mwa ngozizo woyenda pansi anafa ku Arizona. Palinso funso la amene makina amamuona mosavuta. Mu 2023 ofufuza a pa yunivesite ya King's College London anayesa mapulogalamu asanu ndi atatu ozindikira oyenda pansi n'kupeza kuti ankaphonya ana kawirikawiri kuposa akuluakulu. Mapulogalamuwo anali a ofufuza, osati amene makampani amagwiritsa ntchito mobisa, koma chifukwa chake chimakhudza onse: makina amadziwa bwino zimene anaonetsedwa kambiri, ndipo mwana, munthu wa pa njinga ya olumala kapena wonyamula katundu wamkulu sapezeka kwambiri m'zithunzi zophunzitsira.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si makinawo, koma njira yachidule imene ingakope anthu pamene makina akulephera kumvetsa munthu, yomwe ndi kumusintha munthuyo kuti akhale wosavuta kwa makina. Zinachitikapo kale. Magalimoto atangoyamba kuchuluka m'mizinda ya ku America, msewu unali wa aliyense, ndipo mwana akaombedwa anthu ankaloza chala dalaivala. Mu 1923 anthu 42,000 a ku Cincinnati anasainira pempho lakuti magalimoto aikidwe kachipangizo kowaletsa kupitirira mamailosi 25 pa ola, koma ogulitsa magalimoto analimbana nalo mpaka linagonja pa chisankho. Monga anasonyezera katswiri wa mbiri yakale Peter Norton, m'zaka zimenezo makampani ndi mabungwe a eni magalimoto anafalitsa dala mawu onyoza akuti jaywalker, kuti woyenda pansi wowoloka pamene wafuna azioneka ngati mbuli, ndipo posakhalitsa malamulo anatsatira. Masiku ano maganizo ofanana nawo akumvekanso, monga akuti opalasa njinga ndi oyenda pansi azinyamula kachipangizo kapena foni yolengeza kwa magalimoto pamene ali. Kachipangizo kotero kangathandize kuseri kwa lole, n'zoona, koma tsiku limene makina adzayambe kukadalira, mwana amene alibe foni ndi nkhalamba imene batire yake yatha adzakhala osaoneka, ndipo akadzaombedwa funso loyamba lidzakhala lakuti n'chifukwa chiyani sananyamule.

Katswiri wa mapulani a mizinda Adam Millard-Ball anaona mbali ina ya nkhani yomweyi mu 2016. Iye anati chimene chimamuletsa munthu kungolowa mumsewu ndi mantha akuti mwina dalaivala waledzera kapena sakuyang'ana. Anthu akadzatsimikiza kuti galimoto idzaima nthawi zonse, adzayamba kuwoloka paliponse, ndipo magalimoto m'kati mwa mzinda azidzayenda pang'onopang'ono kwambiri. Kwa woyenda pansi umenewo ndi uthenga wabwino, koma kwa kampani yogulitsa maulendo achangu ndi kuluza, ndipo n'zosavuta kuona kumene kukakamiza kudzachokere kuti mipanda imangidwe, zilango zikhwime, kapena makina aphunzitsidwe kuyenda mwaukali pang'ono.

Pamene mkanganowu ukupitirira, pali chinthu chimodzi chimene sichisintha kaya pachiwongolero pali ndani, ndicho liwiro. Galimoto ikathamanga kuwirikiza kawiri, mtunda umene imafuna kuti iime mabuleki atapondedwa umawirikiza kanayi, ndipo mphamvu imene imaomba nayo thupi imawirikizanso kanayi. WHO imati mpata woti woyenda pansi afe akaombedwa umawirikiza ka 4.5 liwiro likachoka pa makilomita 50 kufika pa 65 pa ola. Kompyuta ingafupikitse nthawi yoganiza, koma singasinthe mmene tayala limagwirira phula. Mu 2019 mumzinda wa Oslo ku Norway simunafe woyenda pansi kapena wopalasa njinga ngakhale mmodzi, ndipo ku Helsinki, m'dziko la Finland, chaka chomwecho sikunafe woyenda pansi aliyense. Mizinda iwiriyi inafika pamenepo pochepetsa liwiro, pochepetsa magalimoto pakati pa mzinda ndi pomanga tinjira ta njinga tolekana ndi msewu, popanda takisi yodziyendetsa ngakhale imodzi. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mzinda umene ungaleke kumanga malo owolokera abwino podikira makina a m'tsogolo ungakhale ukudalira wapachalayo. Ndipotu msewu wokonzedwa bwino umapeputsiranso ntchito makina omwewo.

Malamulo akutsatira pambuyo. Pa ngozi ya ku Tempe oimira boma pa milandu anagamula mu 2019 kuti kampani ya Uber ilibe mlandu woti n'kuzengedwa, ndipo amene anaimbidwa mlandu ndi mlonda uja yekha, amene mu July 2023 anavomera mlandu wocheperapo n'kupatsidwa zaka zitatu zoyang'aniridwa ali kunja kwa ndende. Dziko la Britain linasankha njira ina m'lamulo lake la 2024, limene limati galimoto ikamadziyendetsa yokha, woyankha pa kayendetsedwe kake ndi kampani imene inapatsidwa chilolezo, ndipo makinawo ayenera kukhala otetezeka mosachepera dalaivala waluso ndi wosamala, osati dalaivala wamba. Ku United States, NHTSA inalamula mu June 2021 kuti makampani azipereka malipoti a ngozi, ndipo ofufuza odziimira paokha amadalira kwambiri malipoti amenewo.

Koma malipoti a ngozi sanena za galimoto imene yadutsa njinga moyandikira kwambiri mpaka wopalasayo n'kuganiza zosiyiratu kupalasa. Dziko la Germany linalamula mu 2020 kuti popitirira njinga galimoto izisiya mpata wa mita imodzi ndi theka m'tauni ndi mamita awiri kunja kwa tauni, pamene ku California lamulo limatchula mapazi atatu, omwe sakwana n'komwe mita imodzi. Kwa madalaivala, lamulo lotere limatsatidwa ndi amene afuna, ndipo wapolisi sangayeze aliyense. M'galimoto yodziyendetsa yokha, mpata umenewo, komanso liwiro lodutsira pa basi yoima ndi masekondi odikira munthu wokayikakayika m'mphepete mwa msewu, zimatsimikizidwa mu pulogalamu, ndipo zikasinthidwa zimasintha m'magalimoto onse a kampaniyo nthawi imodzi, monga mmene Cruise inakonzera magalimoto ake 950 mu November 2023 kuti asamapatukenso munthu ali pansi pake. Pakadali pano zambiri mwa ziwerengero zimenezi makampani amazisunga ngati chinsinsi cha malonda, ndipo wopalasa njinga amazidziwa pokhapokha galimoto ikamudutsa.